Funso la Wochapa

"Ndafunsa kuti ndani anakutumani, amake Emmie."

Fabiano anali ataima pakhomo asanavule nsapato za kuntchito, foni ili m'manja. Mkazi wake Tabeth anakhala pansi pa mtengo wa mango akusankha nyemba m'lichero, ndipo sanadzutse mutu. M'fonimo munkamveka mzimayi akulankhula pa chimkuzamawu, anthu akuwomba m'manja kumbuyo kwake. Mzimayiyo anali Tabeth yemweyo.

"Palibe anandituma."

"Nanga malayawa? Zovala zonse zili m'nyumbamu, inu n'kusankha malaya a kampu, dzina lake lili pachifuwa?"

"Ndiwo anali ouma."

Onse awiri ankagwira ntchito pa kampu ina ya alendo m'mbali mwa mtsinje wa Luangwa. Fabiano ankayendetsa galimoto yokatenga alendo ku bwalo la ndege la Mfuwe. Tabeth anali wochapa, ndipo chaka chimenecho chinali chachisanu ndi chinayi. Masankho anali atayandikira. Dzulo lake, Lamlungu, mipingo inaitana opikisana pa mpando wa phungu kuti adzayankhe mafunso pa bwalo la sukulu. Tabeth linali tsiku lake lopuma, ndipo anapitako chifukwa mnzake wochapa naye, Lillian, anamva kuti kugawidwa zitenje. Zitenje kunalibe. Kunali a Chulu, amene anali pa mpandowo kale, ndi mayi Sakala, amene ankafuna kuwachotsa.

A Chulu analankhula bwino. Anati chuma chakwera, ndege zikutera zambiri kuposa kale, ndipo boma linachotsera msonkho anthu a malipiro ochepa. Atati amene ali ndi funso aimike dzanja, Tabeth anangozindikira dzanja lake lili m'mwamba.

Fabiano anabweza kanemayo poyambira n'kumuyandikizira kukhutu, ngati mwini wakeyo sanamve.

"Ine ndimachapa nsalu zogonera alendo. Mwati ife a malipiro ochepa sitipereka msonkho. Zikomo. Koma ndikagula sopo, msonkho uli momwemo. Mafuta ophikira, uli momwemo. Ndikatumiza kandalama pa foni kwa amayi ku Chipata, amadula. Mwati ndege zachuluka. N'zoona, ndine mboni, chifukwa nsalu zochapa zachulukanso. Koma thumba la ufa lomwe ndinkagula ndi masiku anayi a ntchito, lero likudya sabata ndi theka. Ndiye ndimati ndifunse, chuma chakwerachi chakwerera kuti, nanenso ndikachione?"

Fabiano anazimitsa foniyo n'kukhala pa mpando, ndipo analankhula nthawi yaitali. Anati kanemayo wafika kale m'mafoni a madalaivala onse a pabwalo la ndege, ena akumuseka, ena akumugwira chanza ngati wolankhulayo ndi iye. Anamukumbutsa chaka cha mliri, ndege zitasiya kutera, pamene makampu anatseka ndipo iwo anaphika mango osapsa kwa masabata. Kwa iye a Chulu sananame: mlendo akatera, m'nyumba muno mumadyedwa. Misonkho ndiyo inakonza msewu umene iye amayendamo tsiku ndi tsiku. Malipiro ndi ochepa, inde, koma chochepa chili m'manja si chofanana ndi chambiri cha pa chimkuzamawu.

"Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Uwu wakutsatirani mpaka pakhomo pano."

"Atate ake Emmie, ndanama pati?"

Fabiano anayang'ana nsapato zake.

"Simunaname. Vuto lake ndi lomwelo."

Lachiwiri m'mawa anakwera limodzi lole ya antchito, monga mwa masiku onse. Kunali kozizira, aliyense atafunda chitenje kapena jekete. Anthu anamupatsa moni Tabeth, koma palibe anakhala naye pafupi kupatula Lillian, amenenso anangoyang'ana kunja njira yonse.

Pa chipata cha antchito anapeza a Given, kapitawo, akudikira. Anali munthu wofatsa, wa mpingo umodzi ndi iwo. Anamutengera Tabeth pambali n'kumufotokozera motsitsa mawu kuti a manijala aona kanemayo. Eni kampu ali ndi mapepala amene akudikira kusainidwa m'maofesi, ndipo safuna kuti dzina la kampu limveke kumbali ya chipani chilichonse. Sanachotsedwe ntchito, anatero a Given. Angokapuma kaye kunyumba, nkhaniyi izizire.

Tabeth anafunsa kuti izizira liti. A Given anati iwonso ndi otumidwa chabe. Tabeth anabwerera pa lole yomweyo, yekha kumbuyo, pamodzi ndi migolo yopanda kanthu.

Masiku oyamba ankadzukabe faifi koloko. Ankasesa pabwalo, kumukonzera Emmie zakusukulu, kenako n'kukhala. Manja ake, amene anazolowera madzi a sopo, anayamba kusenda khungu. Ankawayang'ana ngati ndi a munthu wina.

Lachisanu masana anamva nyimbo kumsewu waukulu. Inali galimoto ya mayi Sakala. Nyimbo itatha, kunamveka mawu ake: chuma chakwerachi chakwerera kuti? Kenako nyimbo, kenako mawu akewo. Galimotoyo inkapita ku msika n'kubwerera, kanayi kapena kasanu pa tsiku.

Madzulo a tsiku lomwelo kunabwera mzimayi wovala bwino, dzina lake Brenda, amene ankayendetsa misonkhano ya mayi Sakala. Anakana mpando n'kukhala pamphasa. Anati Tabeth walankhulira chigwa chonse, ndipo mayi akufuna kuti Loweruka adzaime nawo pa nsanja. Akapambana, makampu onse adzakakamizidwa kukweza malipiro, ndipo kwa munthu wolimba mtima ngati iye malo a ntchito sadzasowa.

Tabeth anamvetsera mpaka Brenda atamaliza. Kenako anafunsa ngati mayi Sakala angakalankhule ndi a kampu sabata yomweyo kuti iye abwerere kochapa.

"Tikapambana, amayi. Zonsezi tikapambana."

"Nanga mawu angawa, ndani anakupatsani?"

"Mawu a pagulu ndi a gulu," anatero Brenda akumwetulira. Anasiya chitenje pamphasa n'kutsanzika. Tabeth sanapite ku nsanjako, koma galimoto inapitirizabe kuyenda ndi mawu ake.

Sabata yotsatira a Chulu anali pa wailesi. Wofunsa atatchula za mzimayi wochapa, iwo anaseka n'kunena kuti nyengo ya masankho aliyense amadziwa mtengo wa funso. Mayi ameneyo anachita kuphunzitsidwa zonena, ndipo anthu ngati amenewo ndiwo athamangitse alendo m'chigwa muno.

Ku mjigo nkhani inali yomweyo. Mkazi wa wophika wa kampu ina anati mwamuna wake amadulidwa msonkho weniweni mwezi uliwonse, koma ku chipatala amauzidwa kuti akagule yekha mankhwala. Wina anati boma lilibe mlandu, olakwa ndi eni makampu, amene amalandira madola n'kulipira makwacha. Winanso anati onse ndi amodzi, amadyera mbale imodzi. Mayi wina wachikulire anati ana ake akuphunzira osalipira, ndiye iye a Chulu sawataya. Aliyense ankamuuza Tabeth zomwe iye ankatanthauza pa tsiku lija. Iye ankangopopa madzi. Palibe anamufunsa kuti kunyumba kwake akudya chiyani.

Lillian ankadutsira njira ina. Tsiku lina anakumana maso ndi maso pa sitolo, ndipo Lillian anati mwaswera bwanji, n'kunena kuti wasiya mphika pamoto.

Fabiano anasiya kukangana naye. Ankafika, kusamba, kudya, kugona. Patapita masiku Tabeth anazindikira kuti malaya a mwamuna wake akubwera ali ndi makungwa ndi phulusa. Atamufunsa, anavomera kuti anamuchotsa pa ulendo wa ku bwalo la ndege. Tsopano ankatuta nkhuni ndi kukataya zinyalala. Kumeneko kulibe mlendo woti akusiyire kangachepe m'manja.

Sabata yachitatu, Lachitatu, Fabiano anafika dzuwa likadali pamwamba. Anatulutsa pepala lopinda m'thumba n'kuliika pa mpando, pakati pa awiriwo.

"A Given andipatsa. Akuti mukaliwerenge, iwo akujambuleni pa foni."

"Ndiwerengereni."

Anawerenga mwapang'onopang'ono, osamuyang'ana. Pepalalo linkati iye Tabeth amalandira malipiro abwino ndipo kampu imasamala antchito ake. Linkati tsiku lija analankhula mosaganiza, atasokonezedwa ndi anthu ena, ndipo akupepesa kwa mabwana ake ndi kwa onse amene anakhumudwa.

"Anthu enawo ndani?"

"Sanalembe maina."

"Ndikawerenga, ndibwerera ku ntchito?"

"Akuti adzaona."

"Ndikapanda kuwerenga?"

Fabiano anapukuta nkhope ndi chipewa chake. Anati a Given sananene mwachindunji, koma anamufunsa ngati laisensi yake ingamupezere ntchito kwina. Anati wayesa kale kufunsa makampu awiri, ndipo konseko akudziwa kuti iye ndi mwamuna wa ndani. Emmie akulemba mayeso a giredi naini chaka chomwechi. Mvula ikangogwa kampu itseka miyezi isanu, ndipo zomwe amadya miyezi imeneyo zimachokera m'miyezi inoyi.

"Sindikuti munalakwa, amake Emmie. Ndaganizira masiku onsewa ndili pa nkhunipo. Mafuta a galimoto amene ndimathira ulendo umodzi wa ku bwalo la ndege amaposa zomwe ndimalandira masiku atatu. Ndimadziwa. Tonse pa lole paja timadziwa. Koma chala chimodzi sichiswa nsabwe. Mwaona ndani wakutsatirani? Lillian uja ali kuti?"

"Lillian ali ndi ana anayi."

"Ifenso tili ndi mmodzi."

Tabeth anatenga pepalalo n'kuliyang'ana. Linalembedwa pa makina, m'Chinyanja chosalala chimene iye sakanalankhula. Anayembekezera kuti mtima umupsa kapena misozi ibwera, koma panalibe chomwe chinabwera. Anangomva kutopa, ngati wachapa mabulangete tsiku lonse.

"Fisi akagwa m'mbuna salankhula," anatero. "Muwauze ndibwera mawa."

Anamujambulira kuseri kwa nyumba yochapiramo, pamene nsalu zoyera zinayanikidwa mizere itatu. Amene ankayanika anali mtsikana wachilendo, wina anamuitana kuti Becky. Ankayanika nsalu osayamba wazikutumula, ndipo Tabeth anaona kuti ziuma ndi makwinya. Anatsala pang'ono kumuuza, koma anasiya. Mkati munkamveka simbi ikugunda pa tebulo. Anadziwa kuti ndi Lillian, chifukwa cha kagundidwe kake. Lillian sanatuluke.

A Given anamubwereka malaya ena a kampu kuti avale. Anawerenga koyamba, iwo anati mawu atsika kwambiri. Anawerenga kachiwiri, anati asamayang'ane papepala nthawi yonse. Kachitatu anamupempha kuti amwetulire pang'ono pamapeto. Anamwetulira. A Given anaonera kanemayo, anagwedeza mutu, ndipo kwa kanthawi anaoneka ngati akufuna kunena kanthu kena. Kenako anangolandira malaya aja n'kunena kuti amuimbira foni.

Lolemba Fabiano anabwezeredwa pa ulendo wa ku bwalo la ndege.

Sipanapite masiku atatu, galimoto ya a Chulu inayamba kuyenda ndi mawu atsopanowo. Ya mayi Sakala sinasiye akale aja. Loweruka lina Tabeth ali pa msika kugula mchere, magalimoto onse awiri anaima mbali ziwiri za msewu. Kuno iye ankafunsa kuti chuma chakwerera kuti. Uko iye yemweyo ankapepesa kuti analankhula mosaganiza. Anthu anatembenuka kumuyang'ana. Mnyamata wina wa mayi Sakala anakuwa kuti ndi uyo wogulidwa uja, anakupatsani zingati amayi? Wogulitsa mchere anamupatsa chenje. Tabeth anamanga mcherewo pa nsonga ya chitenje n'kuyenda pakati pa magalimoto awiriwo, osafulumira.

Tsiku lovota anapita m'mawa ndi Fabiano. Anaima pa mzere maola awiri. M'kachipindamo anayang'ana nkhope za papepala kwa nthawi, n'kuchonga imodzi. Ali m'njira Fabiano sanamufunse kuti wachonga ndani, ndipo iyenso sanamufunse.

A Chulu anapambana ndi mavoti ochepa. Usiku umodzi kunali mahutala ndi nyimbo, kenako msewu unakhala chete. Mapepala a nkhope zawo anayamba kumatuka pa mitengo. Brenda anadutsana naye tsiku lina pa siteji ya basi, chikwama chili m'manja, ndipo anamuyang'ana monga munthu amayang'anira nkhope yoti anaionapo koma waiwala kuti. A Given sanaimbe. Tabeth anawaimbira kamodzi, iwo anati a manijala ali ku Lusaka.

Mwezi wa Ogasiti ukutha anayamba kumweta udzu wofolerera ku dambo la kufupi ndi mtsinje wa Lupande, pamodzi ndi amayi ena atatu. Ankapita dzuwa litatuluka, njovu zitabwerera kutchire, n'kumabwera masana mitolo ili pamutu. Ogula ankabwera ndi thirakitala kamodzi pa sabata ndipo mtengo ankanena okha.

Lamlungu lina masana, akumanga mitolo kuseri kwa nyumba, anamva odi. Anali Lillian. Anakhala pa mtolo umodzi, n'kufunsa za Emmie, za amayi ku Chipata, za njovu. Tabeth anayankha zonse. Kenako Lillian anayang'ana uku ndi uku n'kutsitsa mawu.

Anati alendo ena anaona kanema woyamba uja ndipo analembera eni kampu kufunsa kuti ochapa amalandira zingati. Mwezi wathawu a manijala anaitana antchito onse n'kuwauza kuti malipiro akwera. Si zambiri, koma akwera, kuyambira ochapa, ophika, alonda mpaka madalaivala. Anawauzanso kuti izi zinakonzedwa kalekale, sizikukhudzana ndi munthu aliyense, ndipo asazitulutse kunja.

"Ndinati mwina mukudziwa kale," anatero Lillian. "Koma mtima sunandilole. Tonse tikudziwa kuti ndi inu, amake Emmie. Ngakhale Becky akudziwa."

"Za ine ananenapo kanthu?"

"Ayi."

"Palibe anafunsa?"

Lillian anazula kaudzu pa mtolowo n'kumakathyola tizidutswa. Anati iye anafuna kufunsa, koma a Given anali pomwepo. Anapempha kuti Tabeth asauze munthu kuti iye anabwera kuno. Tabeth anati sauza munthu. Anamuperekeza mpaka pa mtengo wa mango n'kubwerera ku mitolo yake.

Fabiano anafika cha m'ma foro, atatula alendo a ndege ya masana. Anamupeza akumangabe.

"Ndamva kuti malipiro anakwera," anatero Tabeth.

Fabiano anaima pomwepo, chipewa chili m'manja. Sanafunse kuti wamva kwa ndani.

"Anakwera."

"Anunso?"

"Anganso."

"Bwanji simunandiuze?"

"Ndikanayambira pati?"

Analowa m'nyumba. Tabeth anamva akukoka sutikesi pansi pa bedi. Anatuluka ndi envulopu n'kugwada pafupi naye, chinthu chimene sanachitepo chikwatirane. Anati zowonjezerazo sanazikhudze. Anayesa kugula nazo shuga tsiku lomwe analandira, koma atafika pa sitolo dzanja linakana. Anati ndalamazi ndi za iye Tabeth, achite nazo zomwe akufuna.

Tabeth anayang'ana envulopuyo koma sanatambasule dzanja. Luzi linali m'kamwa, bondo lili pa mtolo. Anakoka luzilo, n'kumanga mfundo, n'kugubuduzira mtolowo pa inzake.

"Mawa mukamachokera ku bwalo la ndege mudutse pa sitolo ya zitsulo," anatero. "Mugule chikwakwa. Chomwe ndikumweterachi n'chobwereka, mwini wake akuchifuna."